Mbiri ya Mayi Molyneux ndi Anzao, Madotolo a Ana Odwala Mwakayakaya

M'mwezi uno tifuna kufotokoza mbiri ya nchito ina ya m'chipatala, imene ambiri a ife kuno kwa Nazombe sitinaione ndi maso, koma zipatso zake tadyako. Ndiyo nchito yosamala ana odwala mwakayakaya, ndiwo ana aja amene nthenda yawafikitsa pa khomo la imfa, kotero kuti akapanda kuthandizidwa m'ora lomwelo, dzuwa la mawa saliona. Palibe mudzi pakati pa phiri la Michesi ndi malire a Mozambique umene sunaikepo mwana chifukwa cha malungo, chibayo kapena kutsegula m'mimba. Ndipo tikapita kumanda timaona kuti mitumbira yaing'ono iri yambiri. Chifukwa chake nkoyenera kuti tidziwe anthu amene analimbana ndi imfa zimenezi, chimene iwo anapeza, ndi gawo limene latsalira ife a kumudzi.

Za chiyambi cha nchitoyi

M'chaka cha 1952 mu mzinda wa Copenhagen, m'dziko la Denmark, munagwa mliri wa poliyo. Nthenda imeneyi tiidziwa kuti imapuwalitsa miyendo, koma mwa ena imafooketsanso minofu ya m'chifuwa, ndipo munthu amalephera kukoka mpweya ngakhale mapapo ake ali abwino. Mwa odwala 31 oyamba amene anafika pamenepo, 27 anamwalira. Tsono dotolo wina, dzina lake Bjørn Ibsen, anati aboole kakhomo pakhosi pa wodwala, alowetsemo kachubu, ndipo munthu wina azifinya thumba la mphira kuti mpweya uzilowa m'mapapo. Pakuti makina ochita zimenezi anali osowa, anaitana ophunzira udotolo mazanamazana, nakhala iwo pambali pa mabedi usana ndi usiku mosinthanasinthana, nafinya matumbawo ndi manja ao kwa masabata ambiri. Imfa zinachepa kwambiri. Pamenepo anthu anazindikira kuti wodwala amene chiwalo chake chimodzi chalephera angathe kusungidwa ndi moyo kufikira thupi lake litapezanso mphamvu, ngati pali munthu womuyang'anira kosalekeza. M'chaka cha 1953 Ibsen anatsegula chipinda chapadera cha odwala otere, ndipo mu 1955 dotolo Göran Haglund anatsegula china cha ana okhaokha ku Gothenburg, m'dziko la Sweden.

Tisunge mau awa, pakuti tidzawafunanso kutsogoloku: nchito imeneyi inayamba ndi manja ndi maso a anthu osagona, makina anadza pambuyo.

Za dziko lathu m'masiku aja

Mankhwala a chipatala anafika kuno pamodzi ndi amishoni. Dotolo Robert Laws anafika ku nyanja mu 1875, ndipo mishoni ya Blantyre inayamba mu 1876. Dotolo Neil Macvicar, amene anadza ku Blantyre mu 1896, anayamba kuphunzitsa anyamata a dziko lino nchito ya chipatala. Mu 1897 Ronald Ross, ali ku India, anapeza tizirombo ta malungo m'mimba mwa udzudzu. Dotolo Daniel Malekebu, mwana wa dziko lino amene anaphunzira ku America, anabwerera ku Mbombwe m'boma la Chiradzulu mu 1926. Chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth ku Blantyre, chimene anthu amachitcha Gulupu, chinatsegulidwa mu 1958. Koma madotolo anali owerengeka, ndipo a ana anali osowa koposa; mmodzi wa iwo anali Mayi Ankie Borgstein a ku Holland, amene anasenza katundu wa ana a pa Gulupu zaka zambiri.

Kuno kwathu, Phalombe anali mbali ya boma la Mulanje kufikira 1998, ndipo odwala kwambiri ankawanyamula kunka nao ku chipatala cha mishoni cha Holy Family. Pamene boma linawerenga imfa za ana mu 1992, linapeza kuti mwa ana 1,000 obadwa amoyo, 234 ankamwalira asanakwanitse zaka 5. Ndiko kunena kuti mayi wobala ana anayi ankayembekeza kuika mmodzi. Makolo athu pofuna kumvetsa tsoka lotere ankati ndi tsempho, ena ankati ndi ufiti, ndipo mabanja ambiri anadana pa maliro a ana amene anaphedwa ndi udzudzu.

Za moyo wa Mayi Elizabeth Molyneux

Mayi Elizabeth Molyneux ndi a ku England, ndipo anaphunzira udotolo pa chipatala cha St Bartholomew's mu mzinda wa London. Amuna ao, a Malcolm Molyneux, analinso dotolo, obadwira ku Congo kwa makolo amishoni. Awiriwa anafika m'Malawi mu 1974, nayamba nchito pa chipatala cha mishoni cha St Luke's ku Malosa, ndipo pambuyo pake anasamukira ku Gulupu, kumene mayiwo anasamala ana, bambowo nasamala akulu. Atakhala zaka 10 anabwerera kwao mu 1984, nakakhala ku Liverpool. Kumeneko Mayi Molyneux anagwira nchito pa chipatala cha ana cha Alder Hey, m'chipinda cholandirira ana ovulala ndi odwala mwadzidzidzi, ndipo anali mmodzi wa amene anakonza maphunziro ophunzitsa madotolo ndi anamwino chochita m'mphindi zoyamba mwana akafika ali pafupi kufa.

Sukulu ya madotolo ya dziko lino inatsegulidwa ku Blantyre mu 1991, ndipo mu 1995 banja la Molyneux linabweranso. Mayiwo anakhala mkulu woyang'anira nchito ya ana pa Gulupu ndi pa sukuluyo. Anadza atadziwa mbali zonse ziwiri: anadziwa umphawi wa zipatala zathu, anadziwanso dongosolo la zipatala zolemera. Nzeru yao inali pa kusankha chimene chingatheke kuno popanda chuma cha ku Liverpool.

Za mzere wa pachipatala

Tonse tidziwa mzere wa pachipatala. Amai amalawira mbandakucha, nakhala pa mabenchi, ndipo woyamba kufika ndiye woyamba kulowa. Dongosolo limeneli lioneka lolungama, ndipo pa chigayo kapena pa mjigo liri lolungamadi. Koma Mayi Molyneux ndi anzao anaona kuti pa chipatala limapha. Mwana wa mphere wochokera pafupi amakhala patsogolo, ndipo mwana wokomoka wochokera kutali, amene anachedwa chifukwa cha kutalika kwa njira, amakhala kumbuyo, atafundidwa nsalu kumsana kwa amake, osaoneka ndi munthu. Ena ankamwalira pa mzere pomwepo, amai ao osadziwa. Powerenga mabuku a chipatala anapeza kuti mwa ana onse omwalira m'chipatalamo, 36 mwa 100 ali onse ankamwalira lisanathe tsiku loyamba.

Tsono iwo, pamodzi ndi bungwe la zaumoyo la dziko lonse lapansi lotchedwa WHO, anakonza njira imene itchedwa ETAT. Tanthauzo lake ndi ili: mwana ali yense ayang'anidwe pamene wangofika, asanalembedwe m'buku, ndipo aikidwe m'gulu limodzi mwa magulu atatu. Gulu loyamba ndi la ana amene sangadikire ngakhale mphindi imodzi: wotsamwa, wobanika popuma, wozizira manja amene mtima wake ukugunda mofooka, wokomoka, wophupha, ndi wotha madzi m'thupi chifukwa cha kutsegula m'mimba. Ameneyu amathamanga naye kuchipinda chokonzedweratu, mmene muli mpweya wa okosijeni, madzi a shuga, mankhwala oletsa kuphupha ndi madiripi. Gulu lachiwiri ndi la ana oyenera kupita patsogolo pa mzere: khanda losakwana miyezi 2, wotentha thupi kwambiri, woyera m'manja chifukwa cha kuchepa magazi, wopsa ndi moto, womwa chiphe, wotupa mapazi onse awiri, ndi wotumizidwa ndi kalata kuchokera ku chipatala china. Gulu lachitatu ndi la otsala, amene angathe kudikira bwinobwino.

Kuyang'ana kumeneku sikutha ngakhale mphindi imodzi, ndipo sikufuna makina. Chifukwa chake anaphunzitsa anamwino, naphunzitsanso alonda a pachipata, alembi ndi osesa, pakuti iwo ndiwo ayamba kukomana ndi mayi wobereka mwana. Mu 2001 anatsegula nyumba yatsopano yolandiriramo ana pa Gulupu, naikamo madotolo odziwa kuti aziyang'anira achinyamata. Ndipo taonani chimene chinachitika. Kale mwa ana 100 ogonekedwa ankamwalira pakati pa 10 ndi 18. Dongosolo litasintha anatsika kufika pakati pa 6 ndi 8. Imfa za tsiku loyamba zija zinatsika kuchoka pa 36 kufika pafupifupi 13 mwa 100. Analemba zimenezi mu 2006 kuti maiko ena aone, ndipo WHO inasindikiza buku la maphunzirowo mu 2005. Njira imene inakulira ku Blantyre inafika ku Kenya, ku Rwanda, ku Uganda ndi ku maiko ena ambiri.

Nchifukwa chake, abale, mukaona namwino akuyenda pa mzere, akuvundukula ana, natenga wa m'mbuyo kupita naye patsogolo, musang'ung'udze kuti ndi tsankho kapena kuti ndi mbale wake. Tsiku lina wotengedwayo adzakhala wanu.

Za kufufuza kumene kuyankha kuti iai

Pali nthenda ina yoopsa youmitsa khosi, imene tizirombo take timalowa m'zikopa zokuta ubongo. Ku Ulaya ndi ku America madotolo ankapatsa ana otere mankhwala otchedwa dexamethasone pamodzi ndi mankhwala opha tizirombo, pokhulupirira kuti amachepetsa kugontha ndi kupunduka. Kukadakhala kosavuta kungotsanzira. Koma safunsa anadya phula. Mayi Molyneux anafunsa ngati mankhwalawo athandizanso ana a kuno, amene amafika mochedwa, ena ali onyentchera, ena ali ndi kachirombo ka HIV. Anatenga ana 598, makolo ao atavomera. Theka analandira mankhwalawo, theka linalo analandira ofanana nao maonekedwe koma opanda mphamvu, ndipo ngakhale dotolo kapena kholo sanadziwe mwana amene walandira ati kufikira mapeto. Atawerenga mu 2002 anapeza kuti m'magulu onse awiri anamwalira pafupifupi 31 mwa 100. Mankhwalawo sanathandize.

Wina angati nchito yonseyo inapita pachabe. Iai, pakuti ndalama za boma ndi zochepa, ndipo iri yonse yogulira mankhwala osathandiza yalandidwa kwa mwana wina. Ndiponso chiwerengero chija chinaonetsa poyera kuti nthenda imeneyi iyenera kutsekeredwa pakhomo isanalowe. Katemera woteteza ku kachirombo kamodzi koyambitsa nthendayi anayamba kuperekedwa m'Malawi mu 2002, wa chibayo mu 2011, ndipo wa kutsegula m'mimba mu 2012. Ndiwo akatemera amene ana athu amalandira ku sikelo.

Mayi Molyneux anasamalanso ana a khansa, makamaka chotupa chija chimene chimakula msanga pa nsagwada kapena m'mimba mwa mwana, chimene dotolo Denis Burkitt anachifotokoza ku Uganda mu 1958. Ku maiko olemera amachiza ndi mankhwala amphamvu kwambiri, amene mwana wosadya bwino sangawapirire. Iwo ndi anzao anayesa miyeso yopepuka ndi yotsika mtengo, ndipo pafupifupi theka la ana otere anachira.

Za malungo a mu ubongo

Tsono tinene za a Malcolm Molyneux ndi dotolo wina wa ku America, Mayi Terrie Taylor a ku Michigan State University. Awiriwa anayamba kufufuza malungo a ana pa Gulupu mu 1986, ndipo kuyambira pamenepo Mayi Taylor anazolowera kudza ku Blantyre chaka ndi chaka m'nyengo ya dzinja, pamene udzudzu uchuluka ndi mabedi adzala.

Choyamba anafuna muyeso wa kukomoka. Munthu wamkulu angafunsidwe dzina lake, koma khanda silinena. Tsono mu 1989 anakonza muyeso umene dziko lonse liutcha ndi dzina la Blantyre. Dotolo amayang'ana zinthu zitatu: ngati maso a mwana atsata nkhope ya amake, ngati alira bwino akatsinidwa, ndi ngati dzanja lake lipita pamene pakupweteka. Mwana wabwino amapeza 5. Amene wapeza 2 kapena kucheperapo ndiye wakomoka kwenikweni. Ndi muyeso umenewu namwino wa usiku angathe kuuza wa m'mawa ngati mwana akukwera kapena akutsika. Anapezanso kuti mwana mmodzi mwa ana 5 odwala malungo aakulu amafika shuga atatha m'magazi mwake, ndipo kuti ameneyu ali pangozi yoposa; nchifukwa chake mwana wokomoka amayamba kumuyesa shuga.

Chachiwiri chinali chovuta. Pofuna kudziwa chimene chipha anawo, kunafunika kupima matupi a omwalira, ndipo kupempha chinthu chotere kwa mayi amene wangotaya mwana nkolemera. Anamwino a dziko lino ndiwo anasenza nchito yopemphayo, ndipo mabanja ena anakana, ena analola. Tiyenera kuwakumbukira makolo amenewo ndi ulemu, pakuti m'chisoni chao anathandiza ana a anthu amene sadzawadziwa. Mu 2004 kunadziwika kuti pafupifupi mwana mmodzi mwa 4 amene ankayesedwa kuti wafa ndi malungo a mu ubongo anafa ndi nthenda zina, tizirombo ta malungo tinangopezeka m'magazi mwake monga timapezekera mwa ana ambiri a kuno. Dotolo wa maso, Mayi Susan Lewallen, anaonetsa kuti poyang'ana kuseri kwa diso ndi kagalasi kounikira, munthu angathe kuona timitsempha tosanduka mtundu ndi timadontho toyera, ndipo zimenezi ndizo zisiyanitsa malungo enieni a mu ubongo ndi nthenda zina. Diso linakhala ngati zenera loonera za m'mutu.

Chachitatu chinadza mu 2008, pamene makina otchedwa MRI, ojambula za m'kati mwa mutu wa munthu wamoyo, anafika pa Gulupu. Mayi Taylor ndi dotolo Karl Seydel anajambula ana 168, ndipo mwa iwo 25 anamwalira. Mwa 25 amenewo, 21 ubongo wao unali wotupa kwambiri. Koma mwa opulumuka, otupa chotero anali 27 okha mwa 100 ali onse. Tsono chinsinsi chinaululika mu 2015. Chigaza ndi fupa, sichifutukuka. Ubongo ukatupa umasowa kopita, nukankhira pansi, nupsinja tsinde lake, pamene pali mphamvu yolamulira kupuma; ndipo mwana amaleka kupuma mtima wake ukali kugunda. Anaonanso kuti mwa opulumuka kutupako kumaphwa kokha patapita masiku ochepa. Kuona maso a nkhono nkudekha: yankho limeneli linatenga zaka pafupifupi 30. Ndipo litibwezera ku Copenhagen kuja, pakuti funso lotsatira linakhala lakuti, kodi mwana wotere atapumitsidwa ndi makina kufikira kutupa kutaphwa, sangakhale ndi moyo? A Malcolm Molyneux anamwalira mu 2021, atasiya ku Blantyre nyumba yofufuzira nthenda ya Malawi-Liverpool-Wellcome, imene anaiyambitsa mu 1995.

Za makina ndi za ana a dziko lino

Makanda obadwa masiku asanakwane amavutika kupuma chifukwa timatumba ta m'mapapo mwao timafwapa akatulutsa mpweya. Makina owathandiza analipo ku maiko olemera, koma mtengo wake unali wosafikirika. Mayi Molyneux anagwirizana ndi aphunzitsi awiri a za makina a ku Rice University ku America, Rebecca Richards-Kortum ndi Maria Oden, ndipo ophunzira ao anapanga makina otsika mtengo ndi timapampu tija topopera mpweya m'madzi a nsomba zoweta. Pampu imakankha mpweya m'kachubu kolowa m'mphuno mwa khanda, ndipo nsonga yina ya chubu imamizidwa m'botolo la madzi; kuya kwa madziwo ndiko kulamula mphamvu ya mpweya, ndipo timatumba tija timakhala totseguka. Anawapatsa dzina la m'chinenero chathu, Pumani. Atawayesa ku chipinda cha makanda cha Chatinkha mu 2012, anapeza kuti mwa makanda obanika kwambiri opatsidwa Pumani anapulumuka 71 mwa 100, koma opatsidwa okosijeni yekha anapulumuka 44. Pambuyo pake boma linawagawa ku zipatala za m'maboma.

Pa nchito imeneyi patsogolo panali madotolo a dziko lino, a Kondwani Kawaza ndi Mayi Queen Dube, amene pambuyo pake anakhala mkulu wa nchito za chipatala mu Unduna wa Zaumoyo. Ife aphunzitsi tidziwa kuti nchito ya mphunzitsi imayesedwa ndi ophunzira ake, ndipo pamenepa ndi pamene nchito ya Mayi Molyneux ioneka kukula kwake, pakuti anapeza chipatala chodalira alendo, nasiya ana a Malawi akuphunzitsa anzao.

Potsiriza, pa 11 July 2017 panatsegulidwa pa Gulupu nyumba ya Mercy James, yochitira opaleshoni ana, ndipo m'menemo munali chipinda choyamba m'dziko lino cha ana odwala mwakayakaya, chokhala ndi makina opumitsa. Ndalama zake zinasonkhanitsidwa ndi woimba wa ku America, Madonna, ndipo woitsogolera anali dotolo Eric Borgstein, mwana wa Mayi Ankie aja. Kuchokera pa chipinda cha ku Gothenburg kufikira cha ku Blantyre panapita zaka 62.

Za gawo lathu

Tsono wina wa ku Chiringa angafunse kuti, zonsezi ziri ku Blantyre, nanga ife tipindulanji? Tiyankhe moona. Chipinda cha ku Gulupu chiri ndi mabedi owerengeka, ndipo ana a dziko lino ali mamiliyoni. Ngakhale chipatala cha boma cha John Chilembwe chinatsegulidwa ku Migowi mu 2022, njira yochokera kumidzi yathu ikali yaitali, ndipo tonse tikumbukira mmene namondwe wa Freddy anadulira misewu ndi milatho mu March 2023. Mwana wa kwa Nazombe sapulumuka ndi makina ngati safika pamene pali makinawo. Koma phunziro lalikulu la Mayi Molyneux ndi lakuti imfa zambiri zimabwera ndi kuchedwa, ndipo kuchedwa kumayamba pakhomo pathu.

Mzere woyamba uli m'nyumba. Mwana akatentha thupi madzulo, timati tione kukacha. Kukacha timati tiyambe tapalira, pakuti udzu wakula. Kenaka timati tidikire bambo ake abwere ku ganyu, kapena titume mau kwa malume ake, pakuti ndiwo eni mbumba. Mwambo wolemekeza eni mbumba ndi wabwino, ndipo sitiunyoza. Koma malume wanzeru anene lero, mwana ali bwino, kuti tsiku la nthenda mayi anyamuke osadikira chilolezo, mau atsate pambuyo.

Tiphunzire zizindikiro monga anaphunzirira alonda a pa Gulupu. Mwana akakana bere kapena kulephera kumwa, akasanza chiri chonse, akaphupha, akagona osadzutsika, akapuma mofulumira chifuwa chikulowa m'kati, akayera m'manja ndi m'zikope, akauma khosi kapena liwombo lake likatukuka, ameneyo ndi wa gulu loyamba, ndipo usiku suli chifukwa chodikirira. Mwana wophupha mumugoneke cham'mbali, kutali ndi moto. Musaike supuni kapena chala m'kamwa mwake, musamumwetse kanthu ali chikomokere, pakuti madziwo amapita m'mapapo. Khanda mulifunditse pachifuwa pa amake poyenda. Pofika pachipatala musakhale chete kumbuyo kwa mzere chifukwa cha manyazi. Vundukulani mwanayo, nimuuze woyamba amene mwakomana naye, ngakhale ali mlonda.

Zida zina zafika pafupi ndi ife. Kuyambira 2007 mankhwala a malungo ndi LA, ndipo kuyambira 2008 alangizi a zaumoyo anayamba kuchiza ana m'midzi ya kutali ndi chipatala. Pa malungo aakulu, kufufuza kwa m'maiko 9 a mu Africa kunaonetsa mu 2010 kuti jekeseni wa artesunate apulumutsa ana ambiri koposa kwinini. Mu April 2019 Malawi anakhala dziko loyamba kupereka katemera wa malungo kwa ana ku sikelo, ndipo Phalombe anali mmodzi wa maboma 11 oyambirira; mwana amalandira kanayi, pa miyezi 5, 6, 7 ndi 22, ndipo wachinayiyo ndiye amaiwalika kawirikawiri. Katemerayu sachotsa nchito ya neti, ndipo neti ya mwana isapite ku dimba kapena ku nyanja ya Chilwa kukagwira matemba.

Ndipo ife a mu mpingo, amene tidziwa kusonkha ufa ndi nkhuni pa maliro, tingathenso kusonkha mwana akali moyo. Mudzi uli wonse udziwe njinga kapena njinga yamoto imene idzanyamuka usiku, ndi thumba limene lidzalipira mafuta ake. Amai a chigwirizano ndi a mvano akayendera odwala, afunse za ana, nayang'ane m'manja mwao. Anyamata ndi abambo athanzi asaope kupereka magazi, pakuti mwana wotha magazi ndi malungo alibe mankhwala ena koma magazi a munthu mnzake, ndipo thupi la wopereka limabwezera lokha. Mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Pamene boma linawerenganso mu 2015 ndi 2016, linapeza kuti ana omwalira asanakwanitse zaka 5 anatsika kuchoka pa 234 kufika pa 63 mwa 1,000. Kutsika kumeneku kunadza ndi akatemera, maneti, mankhwala a HIV, alangizi a m'midzi, ndi madotolo ndi anamwino amene tawatchulawa. Koma ngakhale 63 amenewo anali ana ambiri, ndipo ali yense wa iwo anali ndi dzina ndi amake. Chifukwa chake tikupemphani, inu amene mudziwa kuwerenga, kuti muwerengere mau awa iwo amene sadziwa, makamaka agogo amene amatsala ndi ana pamene makolo ali kumunda, ndipo mubwereze zizindikiro zija kufikira atazisunga pamtima dzinja lisanafike.